Kudzipangira kiyibodi yosapweteketsa manja: zofunika kudziwa musanawononge ndalama

Amene mumakhalira pa TikTok ndi YouTube muyenera kuti munawaonapo mavidiyo a makiyibodi odabwitsa aja. Ina yogawika pawiri, ina ya mabatani 42 okha, ina yolira ngati mvula pa malata. Ambirife timangodutsa n'kumati izi ndi za ana a mabwana akunja. Koma zoona zake n'zakuti kiyibodi ndi chimodzi mwa zipangizo za kompyuta zosavuta kupanga pamanja. M'kati mwake mulibe matsenga. Muli maswichi, mawaya, ma diode, ndi kabolodi kamodzi komwe mtengo wake kwa opanga ndi madola 4 basi.

Nkhaniyi ikutikhudza ngakhale kuno ku Nzama. Pali achinyamata omwe amadya chifukwa cholemba: otayipira anthu ma CV ndi makalata pa boma, ochita maphunziro a ODL omwe assignment imawapeza usiku, alembi a makwaya ndi a banki mkhonde, ndi ena olemba nkhani ngati zino. Kwa anthu otere manja ndiwo mpamba. Akayamba kuchita dzanzi, geni yaima. Tiona kuti kiyibodi ya mechanical ndi chiyani, chifukwa chake yawamba imatopetsa manja makamaka polemba Chichewa, zida zofunika, kapangidwe kake, komanso amene sakufunika kuvutika nazo.

Mechanical ndiye kuti chiyani?

Makiyibodi ambiri omwe amabwera ndi makompyuta a kaunjika ndi a mtundu wa membrane. Pansi pa mabatani pali labala imodzi yaikulu yokhala ndi timatumphu, ndipo pansi pa labalayo pali timapepala ta pulasitiki todutsa magetsi. Kuti chilembo chituluke muyenera kudina mpaka pansi penipeni. Labala ikatopa batani limalimba kapena kukana, ndipo n'kovuta kukonza limodzi lokha.

Mu kiyibodi ya mechanical batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, yokhala ndi sipuling'i ndi tizitsulo tiwiri togundana. Swichi yotchuka kwambiri ndi Cherry MX, yomwe kampani ya Cherry inayamba kupanga ku Germany m'ma 1980. Batani lake limatsika mamilimita 4, koma chilembo chimalembeka likangofika pakati, cha pa mamilimita 2. Ndiye munthu wozolowera samenya batani mpaka pansi, amangoligunda pang'ono n'kupita kwina. Swichi ikafa mumazula yokhayo n'kuikapo ina.

Nthawi yoletsa ena kukopera luso la Cherry itatha, makampani a ku China monga Gateron, Kailh ndi Outemu anadzaza msika ndi maswichi ofanana nawo otsika mtengo. Onsewa muyezo wake ndi umodzi, ndipo mitundu ikuluikulu ndi itatu:

- Yofiira: imatsika myaa popanda chogunda. Ndi yopepuka, okonda magemu amaikonda.
- Yabulawuni: ili ndi kabampu kokuuzani kuti chilembo chalembeka, koma siilira kwambiri. Kwa olemba zambiri, iyi ndiye poyambira pabwino.
- Yabuluu: ili ndi kabampu komanso imalira kuti tche tche. Pa vidiyo imakoma, koma m'nyumba yopanda siling'i mudzadana ndi onse ogona chipinda china.

Mukafuna kudziwa ngati kiyibodi yomwe mwaipeza pamsika ndi mechanical, zulani batani limodzi. Mukaona kamtanda ka pulasitiki ngati chizindikiro cha +, mwapata. Mukaona labala, isiyeni.

Chifukwa chiyani yawamba imatopetsa manja?

Kasanjidwe ka QWERTY kanachokera pa makina otayipira a Christopher Latham Sholes wa ku Milwaukee, omwe kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874. Mizere ya mabatani inasendezedwa chammbali kuti zitsulo zonyamula zilembo zipeze podutsa. Zitsulozo zinatha kalekale, koma kusendera kuja tidakali nako mpaka pa laputopu ya chaka chino.

Ikani manja pa kiyibodi yanu muone nokha. Choyamba, manja amathinana pakati, ndiye pamfundo ya dzanja pamapindikira kunja, mbali ya kachala kakang'ono. Chachiwiri, zikhatho zimayang'ana pansi kotheratu, pomwe dzanja lopuma limakhala chopendekeka ngati mukufuna kupereka moni. Chachitatu, ambiri timadzutsa timiyendo ta kumbuyo kwa kiyibodi, dzanja n'kupindikira m'mwamba. Kwa mphindi khumi palibe vuto. Kwa maola asanu ndi limodzi tsiku ndi tsiku, thupi limayamba kudandaula.

Kiyibodi ya ergonomic imayankha zimenezi m'njira zinayi. Imagawa mabatani mbali ziwiri kuti manja atalikirane molingana ndi mapewa. Imaika mabatani m'mizere yotsika molunjika, mzere uliwonse motsatira kutalika kwa chala chake. Imatha kukwezedwa pakati ngati denga la nyumba. Ndipo imapatsa ntchito zala zazikulu, zomwe ndi zamphamvu koma pa kiyibodi yawamba zonse ziwiri zimangolimbirana batani limodzi la space.

Maganizowa si atsopano. Maltron ya ku Britain inayamba m'ma 1970, Kinesis ya ku America inatulutsa yake mu 1992, ndipo Microsoft Natural Keyboard inabwera mu 1994. Chomwe chinasintha zinthu ndi makiyibodi monga ErgoDox, Corne ya mabatani 42 ndi Lily58, omwe eni ake anaika mapulani onse pa intaneti kwaulere kuti aliyense akopere ndi kusintha.

Koma timvetsetsane abale, kiyibodi si mankhwala. Ngati chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zikumachita dzanzi, makamaka usiku, kapena zinthu zikumakupulumukani m'manja, mwina mtsempha wodutsa pamfundo ya dzanja wapanikizika. Achipatala amati carpal tunnel syndrome, ndipo matenda a shuga kapena kukhala woyembekezera zimathanso kuyambitsa. Zikatero pitani kuchipatala chapafupi kapena ku chipatala cha boma cha Ntcheu kaye, za kiyibodi pambuyo.

Vuto lathu lapadera: kulemba Chichewa

Apa ndi pomwe mavidiyo akunja sangakuthandizeni. QWERTY anaipangira Chingerezi. M'Chichewa chilembo chomwe chimabwerabwera kwambiri ndi a, ndipo pa kiyibodi chili pa kachala kakang'ono ka kumanzere, kofooka kuposa zala zonse. Tawerengani chiganizo ichi: "Anyamata a kwathu akagula mbatata ku Lizulu." Zilembo zonse ndi 37, ndipo 12 mwa izo ndi a. Pafupifupi chimodzi mwa zitatu zilizonse, kachala kamodzi.

Sizinathere pomwepo. Chilembo z chilinso pa kachala komweko, ndiye mawu onse okhala ndi za, dza ndi nza amakakamiza kachalako kudumpha kawiri motsatizana. Dzina la Nzama lenilenilo lili ndi zilembo zisanu, zitatu ndi za kachala kameneka. Nayenso w ali pa chala choyandikana nacho, pomwe wa, kwa ndi mwa timalemba pafupifupi mzere uliwonse. Mukamva dzanja lamanzere likutopa msanga kuposa lamanja, musadabwe.

Ena angakuuzeni kuti samukirani ku Dvorak, kasanjidwe ka mu 1936, kapena Colemak ya mu 2006. Onse awiriwa a anamusiya pomwepo pa kachala kakang'ono. Kwa ife phindu lake ndi lochepa. Pa kiyibodi yodzipangira pali njira yachidule: siyani a pamalo pake kuti musasokonezeke mukagwira kompyuta ya wina, koma ikaninso a wachiwiri pa limodzi la mabatani a chala chachikulu. Pang'onopang'ono dzanja lidzasankha lokha.

Chachiwiri ndi kachizindikiro kam'mwamba ka m'mawu monga ng'ombe, m'nyumba ndi n'kupita. Timakalemba kambirimbiri, koma kali kumbali, pomwe malo abwino pa mzere wapakati anapatsidwa chizindikiro cha semicolon (;). Chomwe ambirife chaka chimatha osachigwira. Zisinthanitseni ziwirizi, mudzandithokoza.

Chachitatu ndi ŵ, chilembo cha m'dzina la Malaŵi. Manyuzipepala ambiri anasiya kuchilemba, koma muchipeza mu Buku Loyera, ndipo olemba Chitumbuka amachigwiritsa ntchito kwambiri. Ngati mumatayipa mapulogalamu a mapemphero kapena zolemba zakale, chimakusowetsani mtendere. Mu Microsoft Word lembani U+0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi. Pa Windows muthanso kusankha kiyibodi ya United Kingdom Extended, n'kudina AltGr ndi 6, kenako w. Njirayi ilipo chifukwa anthu a ku Wales nawonso ali ndi chilembochi. Pa kiyibodi yanu mungaphunzitse batani limodzi kuti lizichita zonsezi lokha.

Kufuna zida zogwirizana ndi zilankhulo zathu si nkhani yachilendo m'dziko muno. A Nolence Mwangwego anayamba mu 1979 kupanga zilembo zawozawo zolembera zilankhulo za m'Malawi, n'kudzazikhazikitsa poyera pambuyo pake. Kusuntha mabatani atatu ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi imeneyo.

Zida zofunika ndi kozipeza

Kwa woyamba kumene, malangizo anga ndi awa: pangani kiyibodi ya thabwa limodzi, mbali ziwirizo zitatalikirana ndi kupendekeka ngati chilembo V chozondoka. Yogawika pawiri kwenikweni imafuna mabolodi awiri ndi chingwe cholumikiza, ndiye mtengo ndi mavuto zimawirikiza. Tiwerengere ya mabatani 42: mizere itatu ya mabatani 12, kuphatikiza atatu a chala chachikulu mbali iliyonse.

1. Maswichi 42, ndi ena ochepa apadera. Njira yotchipa ndi kugula kiyibodi ya magemu yakufa, monga za Redragon, kwa ogulitsa makompyuta akale ku Lilongwe, Limbe kapena pa magulu ogulitsirana a pa Facebook. Kawirikawiri chimafa ndi bolodi kapena chingwe, maswichi ali bwinobwino. Imodzi imakupatsani maswichi oposa 80 pamodzi ndi mabatani ake.
2. Ma diode 42 a nambala 1N4148. Ndi tating'ono ngati njere ya mpunga, tofiirira, tokhala ndi kamzere kakuda mbali imodzi. Amagulitsidwa m'mapaketi a 100, ndipo okonza ma wailesi ndi ma TV amawadziwa bwino.
3. Kabolodi kolamulira. Raspberry Pi Pico, yomwe inatuluka mu January 2021, ili ndi mapini 26 ogwiritsa ntchito. Pro Micro ili ndi 18. Zonse zikukwanira, koma Pico ndi yosavuta kuikamo pulogalamu.
4. Waya wopyapyala. Chingwe chakale cha netiweki chili ndi timawaya 8 ta mitundu yosiyanasiyana m'kati, ndipo mitunduyo imathandiza kuti musasokoneze.
5. Thabwa loikapo maswichi. Plywood yopyapyala kapena pulasitiki yolimba. Zidutswa zotsala kwa kalipentala zimakwana, palibe chifukwa chodulira mtengo.
6. Soldering iron, solder, multimeter, tupa yaing'ono, sandipepala ndi guluu wotentha. Ngati mulibe, gwirizanani ndi wokonza mafoni. Zida zonsezi ali nazo, ndipo dzanja lake ndi lozolowera kale.
7. Chingwe cha USB chodutsa data. Zingwe zina zotchipa zimangotchaja basi, ndipo zapusitsa anthu ambiri kuganiza kuti bolodi yafa.

Nanga kopanda magetsi kapena akazima? Pali ma soldering iron ang'onoang'ono monga Pinecil omwe amayendera batire ya sola ya 12V kapena power bank yamphamvu ya USB-C. Kiyibodi yeniyeniyo siifuna magetsi apadera, imadya kuchokera ku kompyuta kapena foni.

Kapangidwe kake, sitepe ndi sitepe

*Yezani manja anu.* Yalani pepala lalikulu patebulo, khalani bwino, ikani manja motalikirana ngati mapewa anu, zala zitapindika pang'ono. Mnzanu aike kadontho pomwe chala chilichonse chagwera. Kenako tambasulani ndi kupinda chala chilichonse, ajambule njira yomwe chikuyenda. Mudzaona kuti chala chapakati chimafika patali, kakang'ono kamatsalira kumbuyo. Mizere ya mabatani itsatire zimenezo. Kusiyana kwa kiyibodi yanu ndi ya m'sitolo kwagona pamenepa, ndiye musathamange.

*Jambulani mabokosi.* Kuchokera pakati pa batani limodzi kufika pakati pa linzake pakhale mamilimita 19.05, ndipo bowo la swichi ndi mamilimita 14 mbali zonse zinayi. Amene muli ndi bundle, tsamba la Keyboard Layout Editor limathandiza kujambula, ndipo Ergogen ndi ya omwe afika patali. Koma rula ndi pensulo zimagwiranso.

*Yesani pa katoni kaye.* Boolani katoni yolimba, lowetsani maswichi ndi mabatani, muyerekeze kulemba kwa masiku awiri kapena atatu. Batani lomwe chala chikuvutika kulifika lisuntheni pano. Katoni ndi yaulere, thabwa ayi.

*Boolani thabwa.* Kalipentala aboole bowo lozungulira locheperapo, inu mumalize ndi tupa mpaka likhale la makona anayi. Swichi inapangidwa kuti izigwira yokha pa chitsulo chokhuthala mamilimita 1.5. Pa plywood yokhuthala kuposa apo siigwira, ndiye muidontheze guluu wotentha kumbali ziwiri, osakhudza timiyendo take. Pewani mabatani aatali ngati space ya m'sitolo, chifukwa amafuna tizitsulo tina towachirikiza. Batani laling'ono wamba limakwanira chala chachikulu.

*Mvetsani kalumikizidwe.* Simungapatse swichi iliyonse waya wakewake, mapini sangakwane. M'malo mwake maswichi amalumikizidwa ngati mizere ya m'munda yodutsana: 4 yopingasa ndi 12 yotsika, pamodzi mapini 16 okha. Kabolodi kamayendera mizereyi mofulumira kwambiri n'kuona pomwe mzere wopingasa wakumana ndi wotsika. Ntchito ya diode ndi kulola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Popanda iyo, mukadina mabatani atatu nthawi imodzi kompyuta imaona lachinayi lomwe simunaligwire.

*Wotchererani.* Swichi ili ndi timiyendo tiwiri ta chitsulo. Ku kamwendo kamodzi ikani diode, mbali ya kamzere kakuda italoza kutali ndi swichi, kupita ku waya wa mzere wopingasa. Ma diode onse aloze mofanana. Timiyendo totsala tilumikizeni ndi waya wa mzere wotsika, ndipo pomwe mawaya akudutsana pakhale chikopa chake cha pulasitiki kuti asagundane. Pomaliza tengani waya umodzi kuchokera ku mzere uliwonse kupita ku pini yake pa Pico, n'kulemba papepala kuti mzere uti wapita pini iti. Malo owotcherera onse ndi oposa 150, ndiye igaweni ntchitoyi masiku angapo. Ngati iron yanu ili ndi posinthira kutentha, ikani cha pa 320 mpaka 350 digiri, ndipo musakhalitse pa kamwendo ka swichi chifukwa pulasitiki yake imasungunuka.

*Samalani thanzi.* Solder yambiri ya pamsika ili ndi mtovu, womwe ndi poizoni makamaka kwa ana. Gwirirani pakhonde kapena pafupi ndi zenera, osati patebulo lodyera, musamalume waya ndi mano, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima.

*Ikani pulogalamu.* Pulogalamu yokhala m'kabolodi imatchedwa firmware. Yotchuka ndi QMK, koma kuikonza pa kompyuta kumafuna kutsitsa mafayilo akuluakulu, bundle imalira. Kwa ife KMK ndi yopepuka. Gwirani kabatani ka BOOTSEL pa Pico mukulowetsa chingwe, ndipo ioneka pa kompyuta ngati flash yotchedwa RPI-RP2. Koperanimo fayilo ya CircuitPython, kenako foda ya KMK. Mukatero mapini anu ndi kasanjidwe ka mabatani mumangolemba mu fayilo imodzi yomwe imatseguka ngakhale ndi Notepad. Mukasunga, kusintha kwachitika pompo.

*Konzani ma layer.* Mwina mukufunsa kuti pa mabatani 42 manambala ali kuti. Ganizirani Shift: batani lomwelo limatulutsa chilembo chaching'ono kapena chachikulu. Layer ndi chimodzimodzi. Mukagwira batani la chala chachikulu chamanzere, mzere wapamwamba umasanduka manambala. Mukagwira la kumanja, mumapeza mivi ndi zizindikiro. Zala sizichoka pamalo pake.

*Tsekani pansi.* Dulani thabwa lina, mangani ndi masikuluwu osati guluu kuti mudzathe kutsegula, ndipo pansi matanipo tizidutswa ta chubu cha njinga kuti isamaterereke.

Ikakana kugwira, yang'anani apa

- Kompyuta sikuiona n'komwe: sinthani chingwe kaye musanaganize zina.
- Batani limodzi silikulemba: solder sinagwire pa swichi imeneyo, kapena diode yake yazondoka.
- Mzere wonse wafa: waya wopita ku Pico waduka, kapena mwalemba pini yolakwika mu fayilo.
- Palibe batani ndi limodzi lomwe likugwira koma kompyuta ikuiona: mbali ya ma diode yomwe mwalemba mu pulogalamu ndi yosemphana ndi yomwe mwawotcherera. Sinthani mu fayilo, osati mawaya.
- Batani limodzi likutulutsa zilembo ziwiri zosiyana: mawaya awiri akugundana penapake. Multimeter ikuonetsani.
- Chilembo chikubwereza, "aa" m'malo mwa "a": m'swichi mwalowa fumbi kapena yatopa. Ipemerereni mpweya, ikakanika isintheni. Fumbi la mu October silichita nthabwala, ndiye muzivundikira kiyibodi ndi kansalu mukamaliza.

Nkhani ya ndalama

Mitengo sinditchula chifukwa ikusintha mwezi ndi mwezi. Chiyambire pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse choitanitsa kunja chimaluma, ndipo kulipira pa intaneti ndi khadi la kubanki kumadalira kupezeka kwa ndalama zakunja. Pamwamba pa mtengo wa pa AliExpress onjezerani wotumizira ndi msonkho womwe a MRA angakulipiritseni, komanso masabata odikira.

Ndiye nzeru ndi iyi: itanitsani zokhazo zomwe kuno kulibe, makamaka Pico, zina zonse sakani konkuno. Gwirizanani anthu atatu kapena anayi. Paketi imodzi ya ma diode ikwanira makiyibodi awiri, kiyibodi imodzi yakufa ikwaniranso pafupifupi awiri, ndipo ndalama yotumizira mugawana. Amene muli ndi achibale ku Joni, tinthu timeneti timakwana m'thumba la malaya. Gulu likakula mutha kutumiza pulani ya Corne ku kampani yosindikiza mabolodi monga JLCPCB ya ku China, komwe oda yaing'ono ndi mabolodi asanu, ndipo ntchito ya mawaya imachepa kwambiri.

Koma tinene chilungamo. Kiyibodi ya membrane ya pamsika idzakhala yotchipa kuposa yodzipangira nthawi zonse. Ngati mumalemba theka la ola patsiku, ndalama yanu ili ndi ntchito zina. Ngati manja ayamba kale kupweteka ndipo m'thumba mulibe, yambani ndi zaulere izi: pindani timiyendo ta kumbuyo kwa kiyibodi, khalani poti zigongono zipindike ngati kona ya buku, kwezani sikirini ifike pa maso ngakhale ndi mabuku, ndipo theka la ola lililonse imirirani mutambasule manja. M'miyezi yozizira ya June ndi July, yomwe kuno kumapiri imaluma, tenthetsani manja musanayambe. Yodzipangira ndi ya amene amalemba maola ambiri, kapena amene akufuna kuphunzira zamagetsi pa chinthu chomwe adzachigwiritse ntchito tsiku lililonse.

Mafunso omwe amabwera kawirikawiri

*Igwira pa foni?* Eya, pa mafoni ambiri a Android, ndi kachipangizo kotchipa kotchedwa OTG. Foni, kiyibodi ndi Google Docs, mwapeza ofesi. Musaikemo magetsi amitundumitundu aja, amamaliza batire.

*Nanga yopanda chingwe?* Imatheka ndi firmware ya ZMK ndi kabolodi ka Bluetooth, koma imafuna batire ndi ndalama zoonjezera. Isiyireni ulendo wachiwiri.

*Ndidzalemba mothamanga?* Masabata oyamba liwiro limatsika, ndipo mudzafuna kuiponya kunja. Musaiyambe sabata ya mayeso kapena muli ndi ntchito ya kasitomala. Mphindi 15 patsiku pa Keybr kapena Monkeytype zimabwezeretsa dzanja. Cholinga chenicheni ndi kulemba nthawi yaitali osatopa, liwiro ndi bonasi.

*Ndiyenera kudziwa coding?* Ayi. Mumakopera chitsanzo n'kusintha manambala a mapini ndi mayina a mabatani. Amene amatha kukonza CV mu Word angathenso izi.

*Ndingapange geni?* Msika wa makiyibodi otere m'dziko muno ndi waung'ono, musanamizidwe. Chomwe chimagulitsika ndi luso lomwe mwatola panjira: kuwotcherera mwaukhondo, kugwiritsa ntchito multimeter, kufufuza pomwe magetsi aduka. Luso lomwelo ndi lokonzera matochi a sola, mawailesi ndi ma charger. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anayambira pa zitsulo zotayidwa ndi buku la mu laibulale, osati pa zida zatsopano.

Ngati nkhaniyi yakukokani, musayambe ndi kuitanitsa katundu. Sabata ino pezani pepala, rula ndi katoni, mujambule manja anu. Mukapita pa boma, zulani batani limodzi pa kiyibodi iliyonse yakale yomwe mwaiona, mwapempha kaye mwini wake, muone ngati pali kamtanda kaja. Mukaipeza, kambiranani mtengo ngati ya kufa, chifukwa kwa wogulitsayo ndi yakufadi.